Makalata Atatu Opita kwa a Gelesomu

Sunthirani kuno nonse, ndipo amene ali ndi foni aithimitse, chifukwa ikalira nkhaniyi ili pakati, wina adumpha n'kukaboola denga ndi mutu.

Pa Mponela panali bambo wina dzina lawo a Gelesomu Kanyumbu. Anali munthu wamfupi, mutu ngati dzungu la kudimba, magalasi omanga ndi waya. Sukulu analekeza Sitandade 7, koma makina aliwonse akangowaona ankachita manyazi n'kuyamba kugwira ntchito. Iwo ndi akazi awo aNamwale anali ndi kashopu kotayipa makalata kuseri kwa msika, ndipo m'kashopumo munali pulinta yakalekale, ija yomenya pepala ndi tisingano. Pulinta imeneyo, abale inu! Ikayamba: kriiii-kriiii, tcha-tcha-tcha, kriiii! Agalu a kumsika ankayankhira. Mwana wolira ankatonthola kuti amve mnzake womuposa. Koma inali yokhayo m'dera lonselo yotha kusindikiza mapepala atatu nthawi imodzi ndi kaboni, ndiye a makalabu a fodya ndi a mipingo ankafola pamenepo.

Ikawonongeka, a Gelesomu ankaitsuka mano ndi kamswachi kofiira, uku akukukuta mtedza. Akamaliza, sankayesa ndi mawu ena ayi. Nthawi zonse ankasindikiza mzere umodzimodzi: NAMWALE TELEKA TIYI NTCHITO YATHA. Ankang'amba pepalalo n'kukapereka kwa akazi awo ndi manja awiri, ngati kalata yochokera kuboma.

Tsono mvetserani apa, pasakhale wotsalira. Kompyuta ndi pulinta sizimvana zokha. Pakati pake pamakhala kapulogalamu kakang'ono kozilankhulitsa, kamene eni ntchito amati dalaiva. Aphunzitsi ndi amisiri asanu ndi awiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi anagwirizana n'kusoka sisitemu yawoyawo yaulere, yoyendetsera makompyuta okalamba amene sukulu zimalandira ngati mphatso. Anaitcha Msangu. M'kati mwa Msangu munali mndandanda: dalaiva iliyonse, pambali pake dzina la woisamalira. Ya pulinta yolira ija analemba ndi a Gelesomu okha, ndi zala ziwiri, miyezi inayi, mtedza thumba lathunthu. Dzina lawo linali pamzere wa 19.

A Gelesomu anamwalira chimanga chikumasula ngayaye. Maliro anayenda bwino. Kumeta kunachitika, aNamwale anasudzulidwa mwaulemu, katundu anagawidwa: jekete kwa uyu, njinga kwa uyo, nsapato kwa msuweni wina amene mpaka lero zimamuthina koma savula. Mzere wa 19 wokha palibe anaukumbukira. Akuluakulu a pabanja akanadziwa bwanji kuti munthu anali ndi kamunda kena m'kati mwa kompyuta?

Amene ankadziwa ndi Elube Katsache, mwana wa mlongo wawo. Malume akewo ndiwo anamuphunzitsa kugwira kompyuta, ndipo tsopano Elube ndiye ankasunga kiyi wa Msangu: chilichonse cholowa kapena chotuluka chinkadutsa m'manja mwake. Mzere wa 19 ankauona tsiku lililonse n'kungoudutsa ngati sakuuona.

Zaka ziwiri zinatha. Msangu unkasintha, dalaiva ija ili chikhalire. Kenako inayamba kudwala. Kudwala kwake kunali kopatsirana: ngakhale kompyuta imene sinaonepo pulinta yolira chibadwire inkangouma gwa, ana makumi anayi m'kalasi n'kutsala kukamwa kuli yasa.

Kumsonkhano wa gulu, wapampando a Bizaliyele Chimbalanga anaimirira. Anali mphunzitsi wa masamu, wolankhulira m'mphuno, chala chili m'mwamba ngati akuyesa mphepo.

"Mayi Katsache, ndime yachinayi ya malamulo athu. Dalaiva yowonongeka, mwini wake alemberedwe makalata atatu, sabata ndi sabata. Akapanda kuyankha, ichotsedwe."

"Koma aphunzitsi, mwini wake ndi malume. Inu munanyamula nawo bokosi."

"Ndinanyamula, mbali ya kumutu, ndipo kunkalemera. Koma ndime yachinayi sikunena za bokosi. Msangu watsopano upita kusukulu makumi anayi ndi zitatu Lachisanu la sabata yachitatu, mayeso asanayambe. Lembani, mayi."

Elube anabwerera kwawo akusinkhasinkha. Kuchotsa dalaiva ija kunali kutseka pakamwa pa pulinta imene azakhali ake aNamwale ankadyera. Kunalinso kufafaniza dzina la malume pamalo amodzi okha padziko lapansi pamene panalembedwa kuti iwo anali mmisiri. Ndipo chala chofafanizacho chinali chake.

Lolemba analemba kalata yoyamba. "Okondedwa a Kanyumbu, dalaiva yanu ikuvuta, chonde tiyankheni." Anaseka, analira pang'ono, n'kuitumiza ku imelo ya malume, imene mawu ake otsekulira anapita nawo kumanda.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti pakati pa usiku kunamveka chakuti. Iyayi! A Gelesomu ankagona limodzi ndi nkhuku. Pofika seveni koloko mkonono unali utafika kale kwa aneba. Munthu wotero ngakhale afe sangayende usiku. Zawo zinkachitika dzuwa lili paliwombo, nthawi imene magetsi a pa Mponela ankakonda kuthima ndipo msika wonse unkawodzera.

Lachitatu masana Elube anadzera kushopu. Anapeza azakhali ake ataima, manja ali m'chiuno, akuyang'ana msomali wa pakhoma.

"Iwe Elube, kamswachi ka malume ako wakatenga?"

"Ine ndikatani nako, azakhali?"

"Kakhala pamsomali apa zaka ziwiri. Lero palibe."

Elube anayang'ana patebulo. Pambali pa kompyuta panali makoko a mtedza, ounjikidwa bwinobwino pakona ya pepala.

"Makoswe," anatero, mawu atachepa.

"Eya, makoswe," anayankha aNamwale akusesera makokowo m'dzanja. "Makoswe ophunzira. Odziwa kuti ndimakalipa zinyalala zikagwa pansi."

Lolemba lotsatira Elube anatumiza kalata yachiwiri, poti lamulo ndi lamulo. Tsiku lomwelo masana ankayenda mumsewu wa ku Ntchisi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ukaponya dzira m'mwamba limagwa lokazinga kale. Msewu unali mbee, popanda ngakhale mbuzi. Tsidya lina anaona bambo wamfupi atavala jasi lamvula, chipewa chitatsikira kumaso. Ankayenda wopanda nsapato. Manja onse awiri anali kutsogolo, atawerama pang'ono ngati munthu wokankha njinga pachitunda. Koma njinga panalibe.

"Mayi," anatero bamboyo osatembenuka, mawu osasa ngati wa ludzu la masiku atatu. "Lachisanu lake ndi liti?"

"Lachisanu liti, bambo?"

"Lija lomaliza."

Elube sanadziwe chimene chinamuyankhitsa. "Sabata yamawa."

"Haa. Kutali."

Lole ya miyala inadutsa, fumbi linati kobo. Litatha, tsidya lija kunalibe munthu. Kunangotsala kafungo ka mtedza wokazinga. Elube sanathamange, poti anali mayi wolemekezeka, koma anafika pamsika masilipasi akutuluka utsi.

M'mawa mwake, m'bokosi la makalata a Msangu munali yankho. Linachokera ku imelo ya a Gelesomu. Munalibe moni. Munali mizere yokonzera dalaiva ija, ndipo m'mbali mwake timawu tija ankakonda kulemba malume: "apa musagwirepo," "apa ndangoyerekeza koma zatheka."

Elube anaimbira a Bizaliyele, iwo n'kubwera pa njinga yamoto. Anawerenga kamodzi. Anavula magalasi, anapukuta, anawerenganso. Chala chija chinatsika chokha. Ngakhale mphuno inatseguka, mawu n'kutuluka aang'ono ngati a mwana wa kwaya.

"Mayi Katsache. Mwini wake wayankha."

"Ndaona, aphunzitsi."

"Ndime yachinayi ikunena za wosayankha. Za woyankha ali kumene aliko, ndime palibe. Ine ndilibe mawu. Kiyi ali ndi inu. Ndipo akafunsa, muwauze kuti ine ndinanyamula bokosi mosamala."

Anayesa mizere ija. Inagwira! Kompyuta inayenda ngati yatsopano kuyambira m'mawa mpaka masana. Kenako inauma gwa, kuposa kale. Tsiku lotsatira kunabwera mizere ina, yochepa, zilembo zina zitasowa ngati mano a nkhalamba. Inakonza uku, kuwononga uko. Tsiku linalo kunabwera mizere iwiri yokha, ndipo m'mbali mwake mawu amodzi: "apa." Basi. Apa chiyani, sanamalize.

Elube anaganiza kuti wamvetsa. Malume akukana. Akulimbana kuti ntchito yawo isachotsedwe. Mantha anali nawo, koma pansi pa manthawo panali kachimwemwe: ngati mwini wake akuyankha, ndani angamukakamize kufafaniza mzere wa 19? Kalata yachitatu sanaitumize Lolemba, sanaitumize Lachiwiri. Koma akaganiza za ana a sukulu makumi anayi ndi zitatu atakhala kutsogolo kwa makompyuta ouma, kachimwemwe kaja kankathawa.

Lachinayi masana anapita kushopu kuti akawauze azakhali ake kuti dalaiva aisiya, zivute zitani. Atangolowa, magetsi anathima. Makina ometera a aneba anati zii. Wailesi ya wogulitsa tchipisi inati zii. Kunja kunadzuka kavuluvulu, aNamwale n'kukankha chitseko chachitsulo, m'shopu n'kuda ngati m'nkhokwe.

"Azakhali, ndabwera kuti ndikuuzeni kuti..."

Tcha.

Onse awiri anatchera khutu.

Tcha. Tcha.

Inali pulinta, kuseri kwa katani. Koma sikunali kulira kwake kuja kodzutsa agalu. Kunali pang'onopang'ono, ngati munthu wokwera phiri atasenza chimanga. Tcha. Kupuma. Tcha. Kagetsi kake kobiriwira kanali kothima. Mpando wa kuseri kwa katani unalira, kwee, monga umalirira munthu wamfupi akasuntha. Kenako kunamveka kakutsokomola kaja, "ehe-e-em," kamene m'banja lonse ankakadziwa kuti ndi ka munthu wofuna tiyi koma wosafuna kupempha.

Elube, mayi wosunga kiyi wa sukulu makumi anayi ndi zitatu, anapezeka ali pansi pa tebulo. Mmene analowera, tebulolo silikudziwa mpaka lero.

ANamwale sanasunthe. Anangopinda manja n'kunena motsitsa, "Ndakumvani."

Tcha-tcha kuja kunapitirira kanthawi. Kenako kunasintha: tisingano tinayamba kumenya pamalo amodzimodzi, ti, ti, ti, osapita patsogolo. Ti. Kenako zii.

ANamwale anatsekula chitseko kuti kuwala kulowe, n'kukoka katani. Mpando unali wopanda munthu. Anaugwira ndi chikhatho, n'kusiya dzanja pamenepo nthawi yaitali kuposa mmene munthu amagwirira mpando wozizira. Anang'amba pepala, mapepala atatu ndi kaboni wake, n'kupatsa Elube amene ankatuluka pansi pa tebulo chokwawa.

NAMWALE TELEKA TIYI NTCHITO

Kutsogolo kwake kunali kabowo, pamene tisingano tinamenya mpaka kuboola mapepala onse atatu.

"Akukana, azakhali," ananong'ona Elube. "Sakufuna ndichotse."

"Akukana? Iwe mutu wakowo ndi waukulu chabe ngati wa malume ako? Werenganso. Mawu omaliza ali kuti?"

Elube anawerenganso.

"Zaka makumi atatu ndi zinayi ndalandira kapepala aka," anatero aNamwale atakhala pampando uja. "Sanaiwalepo kulemba kuti yatha. Akulephera, mwanawe. Ntchito sikutha, ndiye tiyi sakumwa."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Wolakwa woyamba ndine. Chipitireni iwo, chinthuchi chikatsamwa ndimangoti, a Gelesomu, tabwerani muone chinthu chanuchi. Ndimatuluka kukamwa madzi. Pobwera ndimapeza chikuyenda. Zaka ziwiri! Ine ndimayesa ndi chikondi. Kumeneku n'kutuma munthu wogona. Ine anandisudzula, ndinamasuka, koma iwo anawasudzula ndani? Tsono inunso ophunzira mwawonjeza makalata. Munthu uja sankatha kukana ntchito. Ankakonza mawailesi a anthu amene sankamupatsa ngakhale moni."

"Koma azakhali, ndikachotsa, pulinta iyi siilankhulanso. Inu mudya chiyani?"

ANamwale anayang'ana kumbali ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'kamwa.

"Pansi pa bedi langa pali pulinta yatsopano. Anatumiza msuweni wako wa ku Joni chaka chatha."

"Azakhali!"

"Usandizakhali! Ndinaiyesa kamodzi. Imangoti fyuu, pepala latuluka, ngati wakuba. M'shopu muno munali zii ngati pamaliro. Iyi ikamalira ndimamva ngati ali kuseriko akuliza mkonono." Anaseka, misozi ili mbwe. "A fodya azolowera. Ndizisindikiza katatu."

"Nanga dzina lawo?"

"Dzina lili pamwala kumanda, lili pa ana anayi, lili pa zala zakozo. Pamndandanda wa ogwira ntchito lichoke. Mawa ubwere ndi aphunzitsi aja olankhulira m'mphuno. Nkhani yotere imafuna mboni."

Lachisanu, itakwana leveni koloko, anakumana m'shopu. A Bizaliyele anabwera ndi Baibulo kukhwapa n'kusankha kuima pakhomo, phazi limodzi m'kati, lina kunja. ANamwale anaika patebulo mbale ya mtedza ndi kapu yachitsulo ya a Gelesomu, yopanda kanthu. Ketulo inali pambaula panja.

"Lamulo lanu likuti makalata atatu," anatero aNamwale. "Awiri munalemba inu. Iyi ndinena ine. Lemba, Elube."

Elube anakhala pakompyuta.

"A Gelesomu. Ndine Namwale. Jekete tinagawa, njinga tinagawa, nsapato zikumuthina Yobe koma ndi zake. Ntchito iyi tinaiwala, mutikhululukire. Chinthu chanu chinagwira zaka zake, palibe anadandaula kupatula agalu. Lero tikuchichotsa. Si kuti mwalephera. Nthawi yake yakwana. Musayankhe kalata iyi. Ndabwereza, musayankhe, ndimakudziwani. Pumani."

"Basi, azakhali?"

"Wonjezera kuti denga la kukhitchini likudontha koma asabwere."

Elube anatumiza. Kenako anatsekula Msangu, n'kupeza dalaiva ija. Anaiwerenga komaliza, timawu tonse ta m'mbali, "apa musagwirepo," "apa Elube adzakonza akadzakula." Apo anaima kaye. Sanakaonepo kameneko. Anapuma kwambiri, n'kusankha zonse, pamodzi ndi mzere wa 19. Pansi pa mndandanda anatsekula mutu watsopano, Amisiri Opuma, n'kulemba dzina loyamba.

"Ndime imeneyo mulibe m'malamulo," anayamba a Bizaliyele, chala chikukwera.

Mpando wa kuseri kwa katani unati kwee.

"Koma tiiika," anamaliza msangamsanga.

Chala cha Elube chinali pamwamba pa batani. ANamwale anaika chala chawo pamwamba pa chakecho, chala cholimba cha munthu wotayipa zaka zoposa makumi atatu, ndipo anadina limodzi.

Palibe chinachitika. Msangu watsopano unanyamuka ulendo wa kusukulu zija, wopepuka. Kompyuta sinaume. A Bizaliyele anayamba kumwetulira, nati zonse zija mwina zinali mphepo chabe.

Ndiye magetsi anathima.

M'shopu munali chete woti ukanamva nyerere ikuyetsemula. Anadikira. Kunja ketulo inayamba kuimba.

Kriiii!

Kamodzi kokha, koma kwamphamvu ngati masiku akale, mpaka agalu a kumsika anayankha. A Bizaliyele analiyatsa liwiro, ndipo pambuyo pake anthu anakawapeza kudepoti ya mabasi, nsapato imodzi, Baibulo atalifumbata chadodolido.

ANamwale anakoka katani n'kung'amba pepala. Pakati pake panali mawu amodzi, akuda bii pamapepala onse atatu.

YATHA

 ANamwale anatuluka, anatenga ketulo, anathira tiyi m'kapu yachitsulo ija, shuga masipuni anayi monga mwa nthawi zonse, n'kuika patsogolo pa mpando. Pepala limodzi anapinda n'kuika m'chifuwa, lina anapatsa Elube, lachitatu anati likhale la aphunzitsi akapezeka.

Elube pobwerera kwawo, mumsewu wa ku Ntchisi uja, anapisa m'chikwama kuti aikemo pepala lake. Dzanja linakhudza kanthu kolimba. Kamswachi kofiira, tsitsi lake lakuda ndi inki. Atakweza maso anaona patali, pachitunda, bambo wamfupi wopanda nsapato. Jasi anali atalikoleka paphewa. Manja anali kumbuyo, akuyenda pang'onopang'ono, akuyang'ana minda uku ndi uku ngati munthu amene sakudikiridwa ndi aliyense.

Elube anatsekula pakamwa kuti aitane, "Malume!" Mawu anafika mpaka pamilomo. Anawameza, n'kuima pomwepo mpaka bamboyo atatsikira kuseri kwa chitunda.

Pulinta yakale ija ilipobe m'shopu, yofunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pake pali duwa lapulasitiki. Yatsopano imangoti fyuu. Ikatsamwa, aNamwale amatsekula pakamwa, n'kudzigwira okha ndi dzanja. Kenako amatulutsa mutu pakhomo n'kukuwa mpaka msika wonse kumva: "Iwe Elube! Tabwera ndi kamswachi kako!"